Mnzanga wa pa piyano wasiya kundiyankha, konsati yatsala masabata atatu, nditani?

Membala Wosatchula Dzina
Moni nonse pagulu pano. Adimini zikomo pondibisira dzina, anthu a kutchalitchi kwathu ambiri ali momuno. Nkhani ndi yaitali koma mundipirire, lero ndi tsiku lachisanu tulo osabwera.

Ndimakhala ku Leeds, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri mashifiti ausiku. Ndili ndi mnzanga amene tinadziwana tili Fomu 1 kumudzi. Pasukulu pathu panali piyano imodzi yokha m'holo, ndiye asisitere amene ankatiphunzitsa, poona kuti nthawi sikukwana, ankatikhazika awiri pa benchi imodzi. Kuchokera pamenepo takhala tikuimba limodzi, manja anayi piyano imodzi. Moyo unatisiyanitsa zaka zingapo, kenako Mulungu anatikumanitsanso kuno, iye ali ku Manchester. Tinayambiranso ngati sitinasiyanepo.

Tchalitchi china kuno chimachititsa makonsati a masana mkati mwa sabata, anthu amaponya kangachepe m'mbale potuluka. Anatipatsa tsiku, latsala masabata atatu. Tikuimba Fantasia ija ya F minor, nyimbo ya piyano ya wopeka nyimbo Franz Schubert, taivutikira miyezi khumi ndi umodzi. Koma chichokereni Loweruka lapitali mnzangayo sakundiyankha. Mauthenga akuwerenga, timizere ta buluu tikuoneka, koma zii. Foni ndaimba kanayi.

Ndinene zoona, ine ndapirira zambiri. Amene amakwera sitima kupita ku Manchester ndi ine, chifukwa iye ali ndi piyano yeniyeni pomwe ine ndili ndi yamagetsi. Ndimachoka ku shifiti m'mawa, osagona, molunjika kusiteshoni, ndipo sanayambe wanenapo kuti tigawane ya tikiti. Ndikafika, amuna ake amakhala atatsegula mpira pabalaza pomwepo mokweza, ife tikuyesa kuimba motsitsa. Buku la manotsi ndinagula ine, iye analembamo ndi bolopeni, osati pensulo. Zitenje zoti tisoketse madiresi ofanana ndinaitanitsa ine kumudzi, theka lake mpaka lero sanabweze. Tsiku lobadwa la mwana wanga sanabwere, akuti chimfine, koma mawa lake ndinamuona pa zithunzi ali ku bridal shower. Zikhadabonso sawenga, dzanja langa lili ndi zipsera.

Ndiye ndithandizeni. Ndiwauze okonza konsati kuti talephera? Ndisake munthu wina? Kapena ndingokwera sitima ndikagogode pakhomo pake? Nyimboyi sindikufuna kuitaya. Munthuyunso sindikufuna kumutaya, ndi yekhayo kuno amene anawadziwa malemu mayi anga.

Nabanda wa ku Joni
Pepani asisi. Koma mwatiuza za zitenje, za mpira, za zikhadabo, Lowerukalo mwalidumpha. Kunachitika chiyani?

Aphunzitsi Opuma
Mwana wanga, khala pansi umve. Ndaphunzitsa nyimbo zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikuuza mosapsatira: KUIMBA AWIRI PA PIYANO NDI NTCHITO YA PACHIBALE. Ubwenzi sukwanitsa. Tayang'ana mbiri. Mozart anayamba ndi ndani? Ndi mlongo wake Nannerl, mu 1765 anali akuimba limodzi ku London Mozart ali ndi zaka 9. Katia ndi Marielle Labèque a ku France, munthu ndi mng'ono wake, apitirira zaka 50 akuimba limodzi. Güher ndi Süher Pekinel a ku Turkey ndi mapasa. Lucas ndi Arthur Jussen a ku Netherlands, bere limodzi. Ukuganiza zinangochitika? Achibale akakangana madzulo, m'mawa amakumana pa mphika womwewo. Chibale ndi fupa, sichiwola. Mnzako akakwiya amangotseka foni, ndi izi waziona wekha. Lemba kalata kwa okonza konsati lero lomwe, upepese, uimbe wekha nyimbo imene ungathe.

Mnyamata wa Kiyibodi
Anthu awiri piyano imodzi? UK yonseyo mwasowa yachiwiri? kkkkk. Ine pa ukwati ndimaimba ndekha, bezi, ng'oma, malipenga, zonse pa kiyibodi imodzi, ndipo envelopu sindigawana ndi munthu.

Secondo Mpaka Kale
Achimwene a kiyibodi, nyimboyo Schubert anailemba choncho, ya anthu awiri pa piyano imodzi, si umphawi ayi. Wakumanja amatchedwa primo, wakumanzere secondo. M'buku tsamba lakumanja ndi la primo, lakumanzere la secondo.

Mwini funso, inu mumakhala mbali iti? Ndipo pedulo amaponda ndani? Ndikufunsa chifukwa mikangano yambiri imene ndaiona pa benchi imachokera pamenepo. Pedulo yakumanja ikapondedwa imamasula mawaya onse a piyano nthawi imodzi, a iwe ndi a mnzako omwe. Kawirikawiri amaponda ndi wakumanzere chifukwa ndiye amamva pamene bezi ikusintha. Ndiye kuti phazi la munthu mmodzi likupumira anthu awiri. Akachedwa kulichotsa, nyimbo ya mnzake imasanduka phala. Akafulumira, imauma. Wakumanja amamva kuwawa koma phazi si lake. Ngati simunakhalepo pansi n'kulemba ndi pensulo poponda ndi pochotsa, mumakwiyirana osadziwa chimene chakukwiyitsani.

Mayi Busa
Mwanawe, ine chandikhudza ndi chimodzi. Amuna a mnzako mwawalowetsamo bwanji m'nkhaniyi? Bambo ali m'nyumba mwake, akuonera mpira wake, iwe mlendo ukudandaula pagulu la anthu masauzande. Ulemu uli kuti? Mwina mnzakoyo anaona nkhope imene umapanga bambowo akakuwa chigoli. Gwada upemphere, usale kudya tsiku limodzi, kenako umuimbire ndi mtima wosweka. Mateyu 18 akuti pita ukamuuze panokha iwe ndi iye, sanati kalembe pa Facebook.

Nabanda wa ku Joni
Amayi, munthu wabisa dzina, wabwera kudzapempha nzeru. Tisamuthamangitse.

Mayi Busa
Sindikumuthamangitsa, ndikumulangiza ngati mwana wanga.

Amalume a Bandi
Ine nkhani za anzako pa nyimbo musandiuze. Tinali ndi bandi ya anthu asanu, tinakulira limodzi, mbale imodzi. Ampulifaya tinasonkherana, ine ndinagulitsa njinga yanga kuti ndalama ikwane. Titangoyamba kuitanidwa m'maukwati, woimba gitala amene ndinkamutcha m'bale wanga ananyamula ampulifaya usiku n'kukayambitsa bandi yake kwina. Mpaka lero tikakumana pa maliro amayang'ana kumbali. Mkazi wanga anandichenjeza ine osamva. Chemwali, ya zitenjeyo ilembeni penapake, tsiku ndi ndalama yake. Zimayamba ndi chitenje.

Naphiri wa ku Glasgow
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mwasankha zitsanzo zokukomerani. Nyimbo yomwe mchemwaliyu akuimbayi, Schubert anaiimba koyamba mu May 1828 ku Vienna ndi mnzake Franz Lachner. Sanali m'bale wake. Mozart yemweyo, sonata yake ya mapiyano awiri ya D major anaiimba mu 1781 ndi wophunzira wake Josepha Auernhammer. Benjamin Britten ndi Sviatoslav Richter anaimba Fantasia yomweyi ku Aldeburgh, tauni ya ku England, mu 1965, wina Mngelezi wina wa ku Soviet Union. Ndipo imene anthu ambiri amaikonda ndi ya Radu Lupu ndi Murray Perahia, yojambulidwa mu holo ya makonsati ya Snape Maltings ku England mu 1984. Mwini funso, awiriwa onse anapambana mpikisano wa piyano wa mumzinda mwanu momwemo mwa Leeds, Lupu mu 1969, Perahia mu 1972. Wina wa ku Romania, wina wa ku New York. Chibale chili pati?

Aphunzitsi Opuma
Mtsikana iwe, mabuku wawerenga koma sunamvetse. Lupu ndi Perahia aliyense anali ndi ntchito yake payekha, amakumana, kuimba, kujambula, aliyense n'kukwera ndege yake. Kumeneko ndi KUCHEZERANA. Ine ndikunena kukhala pa benchi imodzi chaka ndi chaka, chigongono cha mnzako chili m'nthiti mwako, ukumva fungo la anyezi amene wadya. Sonata ya Mozart watchulayo ndi ya mapiyano AWIRI, aliyense mpando wake, pedulo yake, ufumu wake. Usasakanize.

Ndikupatse chitsanzo china. Cyril Smith ndi Phyllis Sellick a ku England komweko. Mu 1956 ali paulendo wokaimba ku Soviet Union, bamboyo anagwidwa sitiroko, dzanja lamanzere linafa. Kwa woimba piyano amenewo ndi maliro. Koma mayiyo sanamusiye. Anakonzanso nyimbo kuti ziziimbidwa ndi manja ATATU, napitiriza kuimba, mpaka wopeka nyimbo Malcolm Arnold anawalembera concerto yawoyawo, nyimbo yoimba pamodzi ndi okesitira, mu 1969. N'chifukwa chiyani sanamusiye? Anali MKAZI WAKE. Mnzako wa ku Fomu 1 akanatero?

Naphiri wa ku Glasgow
Ndiye mwasintha, poyamba munati magazi, pano mwati ukwati. Nanga Martha Argerich ndi Nelson Freire? Wina wa ku Argentina wina wa ku Brazil, anadziwana ali achinyamata ku Vienna, ndipo ubwenzi wawo ndi kuimba kwawo zinatha ndi imfa ya Freire mu 2021. Sanali pabanja.

Aphunzitsi Opuma
Ukwati ndi chibale chimene Mulungu amalemba ndi dzanja lake. Ndipo awo watchulawo kwambiri ankaimba pa mapiyano awiri. Ndayankha kale.

Mwana wa Chigwa
Ine chimene chikundiwawa n'choti Amalawi awiri akudana chifukwa cha mzungu amene anamwalira zaka pafupifupi 200 zapitazo. Kwathu ku Nsanje valimba amaimba anthu awiri atatu pa chida chimodzi, wina mitengo ing'onoing'ono, wina ikuluikulu. Kwa Ayao oimba mangolongondo amakhala moyang'anizana, wina akamenya mnzake amalowa m'mipata. Zimenezi tinali nazo kale, bwanji osaimba zathu azunguwo aone?

Secondo Mpaka Kale
Achimwene mwanena chinthu chabwino koma mwachiponya ngati mwala. Amene anaonapo mangolongondo akudziwa kuti palibe amafunsa kuti mwini nyimbo ndani pa awiriwo, ukachotsa mmodzi yatsala ndi mipata yokhayokha. Fantasia ilinso chimodzimodzi. Amayamba ndi wakumanzere yekha, pang'onopang'ono ngati munthu akuyenda usiku, kenako wakumanja amalowa ndi kanyimbo kachisoni kaja. Omvera amatuluka akung'ung'udza ka wakumanja, koma liwiro lonse waika ndi wakumanzere asanalowe mnzakeyo.

Mwini funso sanandiyankhebe mbali imene amakhala.

Mkonzi wa Mapiyano
Nonse mukukamba za anthu, palibe wafunsa za piyano. Ya kutchalitchiko mwaiyesa? Inachunidwa liti? Piyano ili ndi mawaya oposa 200, ndipo matchalitchi a kuno amazizira sabata yonse n'kutenthetsedwa Lamlungu lokha, mawaya amasuntha. Komanso mayi inu mukuyeserera pa yamagetsi, mnzanu pa yamatabwa. Kulemera kwa makiyi n'kosiyana, pedulo n'njosiyana. Pemphani ola limodzi m'tchalitchimo tsiku lisanafike, ndipo mufunse ngati ali ndi mabenchi awiri, chifukwa benchi imodzi ngati wina ndi wamtali mumavutika. Ine ndinaitanidwapo kukachuna piyano anthu atakhala kale m'mipando. Sindidzaiwala manyazi ake.

Achimwene a ku Chipata
Ba sister, muntu akakhala zii sikuti nthawi zonse wakwiya. Kapena ali na problem ku nyumba. Gulani ka cake mupite, piyano musaikambe n'komwe.

Mnyamata wa Kiyibodi
Keke pamwamba pa tikiti ya sitima, pamwamba pa chitenje? Mayiwa atha ngongole kkkk.

Aphunzitsi Opuma
Ndipo ndiwonjeze. Inu ana mwasankha nyimbo yoposa msinkhu wanu. Ukudziwa chimene ukuimba? Schubert anailemba mu 1828, chaka chomwe anamwalira, mu November, ali ndi zaka 31 zokha. Anaipereka kwa Caroline Esterházy, mwana wa banja lolemera amene iye ankamuphunzitsa piyano, ndipo anzake ankanena kuti ankamukonda chamumtima. Inasindikizidwa 1829 mwini wake ali m'manda. Ndi mphindi pafupifupi 20, zigawo zinayi zolumikizana, POPUMIRA PALIBE. Pa Largo paja, chigawo chachiwiri choyenda pang'onopang'ono, pali makodi olemera, manotsi angapo omenyedwa nthawi imodzi, amene manja anayi ayenera kugwa ngati dzanja limodzi, mukasiyana pang'ono chabe ngakhale agogo a kumbuyo amamva. Kumapeto kuli fugue, pamene kanyimbo kamodzi kamalowa motsatizana m'manja onse, imakwera, imakwera, kenako phee, chete, ndiye kanyimbo koyamba kaja kabwerera. Chete ameneyo muwerenga bwanji anthu osayankhulana? Bwenzi mutayamba ndi Dolly ya Fauré, kapena Ma mère l'Oye imene Ravel analembera ana awiri a mnzake. Ndipo anawo, Mimi ndi Jean Godebski, anali chiyani? MUNTHU NDI MLONGO WAKE. Ndapuma.

Naphiri wa ku Glasgow
Munthu waiyeserera miyezi khumi ndi umodzi, inu simunamumvepo akuimba ngakhale notsi imodzi, mwadziwa bwanji msinkhu wake?

Aphunzitsi Opuma
Ndadziwira pa zikhadabo. Woimba piyano weniweni sasunga zikhadabo.

Mayi Busa
Apa pokha ndagwirizana ndi aphunzitsi. Atsikana a masiku ano zikhadabo ngati nkhwazi, nsima amapota bwanji?

Adimini
Tiyeni tibwerere ku funso. Za zikhadabo zikhale ndi positi yakeyake.

Membala Wosatchula Dzina
Zikomo nonse, ndangodzuka kumene, ndawerenga zonse. Amayi busa, bambowo ndimawalemekeza, sindinayambe ndawayankhapo mwano, ndimawatengeranso tsabola wa kambuzi ndikalandira katundu wa kumudzi. A mkonzi, piyano ya kutchalitchiko ndi grand, yaikulu ya makonsati ija, ndinaiyesa ndekha mwezi watha pamene ndinapita kukakambirana za pulogalamu, ili bwino. Aphunzitsi, mawu anu andipweteka. Ine mng'ono wanga weniweni sitiyankhulana kuyambira pa maliro a mayi, pomwe mnzangayu ndi amene anachezera nane pa foni masiku onse a maliro, usiku wonse osadula. Musandiuze kuti si m'bale.

A Secondo, ine ndakhala kumanzere kuyambira Fomu 1. Zaka zonsezi pedulo ndi ine, kutembenuza masamba ndi ine, anthu akamaombera m'manja amayang'ana iye. Sindinadandaulepo. Ulendo uno wokha ndinafuna ndiimbeko kanyimbo koyamba kaja, chifukwa ndimakamva m'mutu ndikamayenda m'makonde usiku kuntchito, ndipo mbali yakumanjayo ndakhala ndikuiphunzira pandekha, ndikuitha. Amayi okonza konsati anati palibe vuto, pulogalamu inatuluka kale. Kodi pamenepa ndalakwa? Zaka zonsezi kamodzi kokha?

Za zitenje ndi mapaundi 24, si kuti ndikuwafuna, ndi mtima wake umene ukundiwawa.

Secondo Mpaka Kale
Dikirani. Ndiye kuti miyezi khumi ndi umodzi mwayeserera inu kumanzere iye kumanja, ndipo pulogalamu yatuluka inu muli primo? Mnzanuyo mbali yakumanzere anaiphunzira liti?

Kufuna kwanu sikolakwika, ine ndikukumvetsani kuposa aliyense pano. Awiri ambiri amasinthana mbali, ndipo kusinthana kumathandiza, aliyense amalawa mtolo wa mnzake. Koma secondo ya Fantasia si ya masabata atatu, makamaka kwa munthu amene phazi lake silinapondepo pedulo m'malo mwa wina. Mwamuika poti akachite manyazi pamaso pa anthu. Mukanati mumuuze chaka chatha. Zotheka panopa: Fantasia ibwerere mmene munaiyeserera, pulogalamu ndi pepala chabe, amalengeza pakamwa. Ndiye muwonjezere kanyimbo kafupi komwe inu mukhale kumanja, Berceuse ya mu Dolly ija ndi mphindi zitatu, kapena imodzi mwa Slavonic Dances za Dvořák ngati nonse muli ndi mphamvu. Fantasia yosinthana ikhale ya chaka chamawa. Mukayambiranso, ikani foni pakati pa chipinda mujambule, mumvere limodzi muli chete, ndipo mugwirizane amene akoke mpweya polowa pambuyo pa chete uja.

Aphunzitsi Opuma
MWAONA? Ndinanena ine! Atambala awiri salira m'khola limodzi. Akanakhala mng'ono wake bwenzi atatukwanizana Loweruka, Lamlungu n'kupitira limodzi ku Misa. Ine ndinali ndi ophunzira awiri, anyamata anzeru, ndinawaika pa Hungarian Dances za Brahms, zimenenso poyamba zinalembedwa za manja anayi, anthu ambiri sadziwa amaganiza ndi za okesitira. Anakanganirana mtsikana wa mu kwaya, mmodzi anamenyetsa chivundikiro cha piyano pa zala za mnzake. Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti pa benchi yanga pazikhala a mimba imodzi basi.

Naphiri wa ku Glasgow
Aphunzitsi, munthu wangokuuzani kumene kuti mng'ono wake weniweni sayankhulana naye.

Aphunzitsi Opuma
Imeneyo ndi nkhani ina, akaitane ankhoswe.

Amalume a Bandi
Ine ndikuona ngati apa wonyamula ampulifaya ndi mwini funsoyu. Pepani chemwali, koma ndi mmene anayambira wa gitala uja, kukakambirana ndi eni ukwati kumbali ife osadziwa.

Achimwene a ku Chipata
Awe ba uncle, musamuweruze. Zaka zonse izo ali kumanzere, naye ni muntu. Ba sister pitani chabe, mukapepese, mukalire pamodzi.

Mkonzi wa Mapiyano
Grand kukhala bwino mwezi watha sikutanthauza kuti ili bwino lero. Afunseni tsiku limene inachunidwa. Ndipo mukasinthana mbali benchi isunthe, phazi la woponda lifike pa pedulo osapinda msana.

Mnyamata wa Kiyibodi
Zikakanika ndiitaneni, kiyibodi yanga ili ndi batani lojambula, mbali yakumanzere imadziimba yokha ndipo sikwiya.

Mayi Busa
Mwana iwe, pali munthu akulira apa.

Nabanda wa ku Joni
Asisi, ndinafunsa m'mawa, ndikufunsanso, chifukwa malangizo onsewa akudalira pamenepa. Zoti mwasinthana mbali, mnzanuyo anamva kuchokera pakamwa panu, kapena anaziona yekha pa pulogalamu Loweruka lija?